Galeta Wopanda Nyimbo

Valli anali atagwada m'matope kuseri kwa kasitolo kake, mapini ali kukamwa, akukulunga galeta wa Bennet ndi nsalu yoyera. Anayamba ndi denga, n'kutsikira m'mbali, n'kumalizira kutsogolo, mpaka galeta yense anasanduka kanyumba koyera kokhala pa magudumu awiri. Bennet ndi anzake awiri okankha anaima pakhonde atafunda masaka, poti chiperoni chinali chitagwira tauni kuyambira dzana, ndipo ankangoyang'anana ngati anthu amene aona mbuzi ikuvala nsapato.

Masiku amenewo njanji inali isanachite n'komwe dzimbiri. Sitima inkakwera mapiri kuchokera ku Chiromo, n'kupumira pa Limbe, n'kudzagona ku Blantyre, kumene eni dziko ankangoti ku Kabula. Wofuna kuyenda pakati pa matauni awiriwa osadetsa mapazi ankaitana galeta: mpando wa magudumu awiri, munthu mmodzi kukoka kutsogolo, awiri kukankha kumbuyo. Valli, mmwenye wosoka zovala, anali atakhala m'dziko muno zaka zokwanira kumeretsa imvi zoyamba, koma galeta anali asanam'kwerepo. Ankati miyendo ndi yaulere, galeta ndi wa anthu a mimba.

Koma tsiku limeneli kunkabwera Afisa, mkazi wake.

Anam'siya kwawo, kutsidya kwa nyanja yamchere, utoto wofiira wa ukwati usanafufutike m'manja mwake. Anamulonjeza kuti akangopeza pogona amuitanitsa. Pogona panapezeka, kachipinda kofolera udzu kuseri kwa makina osokera, koma zaka zinali zitayenda mwakachetechete ngati ulusi wothera pa mpukutu. Tsopano Afisa anali m'sitima. Ndipo pa Limbe panali Dawood, mlongo wake wamkulu wa Afisa, mwini sitolo ya zitseko zitatu, munthu woyankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mchere. Dawood anali atanena pamaso pa akuluakulu, atangotuluka ku mapemphero a Lachisanu, kuti mlongo wake atsikira pa Limbe. Akapeza mwamuna wake ali pomwepo ndi chom'tengera chaulemu, apite naye. Akapanda kum'peza, alowa m'nyumba ya Dawood, ndipo sadzatulukamo mpaka telalayo atakhoma malata pa kakhola kake kaja.

Kwa Valli malata anali kutali ngati mwezi. N'chifukwa chake analawirira kukagwira Bennet.

Za kakweredwe ka anthu olemekezeka Valli ankazidziwa, poti anaziona ndi maso ake ku Bombay akudikira chombo. Kumeneko munthu wamkulu akakhala m'ngolo ya akavalo amaumitsa khosi ngati wameza ndodo yoyezera nsalu. Woyendetsa salankhula, wokwera salankhula, ndipo mkazi waulemu amayenda kuseri kwa nsalu, osaonedwa ngakhale ndi ntchentche. Choncho analavula mapini aja n'kupereka malamulo ake awiri: nsalu zisatsegulidwe, ndipo pasamveke nyimbo.

Bennet anakanda m'mutu. Iyeyu anathawa sukulu ya mishoni atangodziwa zilembo zokwanira kutsutsana ndi aphunzitsi, ndipo nyimbo zake zinkadziwika msewu wonse wa ku Limbe. Ankapeka pomwepo, poyang'ana amene wam'nyamula. Anaimbapo mzungu wina kuti mphuno yake imafika pa Limbe mwini wake akadali pa mtsinje wa Mudi. Anaimbapo Dawood yemweyo kuti galeta akam'kweza amayamba wapemphera. Izi n'zimene Valli ankaopa: kufika pamaso pa mlamu wake akuimbidwa za mphasa ndi denga lodontha.

"A Vali," anatero Bennet, "kuno galeta amadya nyimbo. Ine ndikafunsa kuti kodi mwini galeta alipo, inu mumangoti ndilipo. Basi. Si ntchito yotulutsa thukuta."

"Nyimbo ayi. Mkazi wanga si thumba la thonje."

"Thumba la thonje timaliimbiranso, kungoti limayankhiridwa ndi anzangawa. Amene timam'nyamula osaimba ndi mmodzi yekha, bambo telala, ndipo ameneyo sabwerera."

Valli anamva bwinobwino, koma munthu amene mutu wake uli kwa mkazi, makutu ake amakhala ngati mabatani a pamkono wa jekete, ongokongoletsa. Anawonjezeranso lamulo lachitatu: wina akawafunsa kanthu panjira, ayankhe mwachidule, mawu awiri atatu, osayamba nthano.

"Mawu awiri atatu," anatero Bennet, akuyang'ana kumwamba. "Kwa eni galeta kulibe mkangano."

Valli anavala mkanjo wake woyera ndi kachisoti koyera, n'kudzithira mafuta onunkhira amene ankasunga m'kabotolo kuyambira tsiku la ukwati. Anakoleka maluwa m'mbali mwa nsalu zija. Kenako analowa, n'kutseka kutsogolo ndi pini. Nsapato zatsopano zinkamuluma, ndiye anazivula n'kuzikumbatira pachifuwa kuti akavalire pa siteshoni. Malo anali ochepa, ndipo potambasula miyendo, mapazi ake anatulukira kunsi kwa nsalu, zala zili chilili kuloza kumwamba.

Galeta ananyamuka, zii.

M'katimo munali kuwala kwa mkaka, kopanda dzuwa, kopanda mthunzi. Masiku angapo Valli anali asanagone mokwanira, akusoka nsalu zimenezi ndi chophimba pabedi, ndipo kugwedezeka kwa galeta kunam'kumbutsa chombo. Anayesa kuikonza nkhope ya Afisa m'maganizo, monga ankachitira tsiku ndi tsiku, koma nkhopeyo inkangosungunuka. Chimene chinkabwera chinali nsalu yobiriwira ya kumutu, ndi manja onunkha zokometsera tiyi, ndi tsiku lija la ukwati. Ngolo ya ng'ombe inafika pakhomo pa makolo a Valli, amayi onse akuimba, azakhali atatambasula manja kuti alandire mkwatibwi. Afisa, kamtsikana koonda ngati singano, anakana kutsika. Anam'nyengerera apongozi, anam'kalipira Dawood, iye osasuntha. Mpaka anaitanitsa Valli mwini wake kuchokera kwa amuna, n'kubwera kudzatchula dzina lake. Pamenepo m'pamene anatsitsa phazi, n'kunong'ona kuti, "Ine sinditsika pomwe palibe inu."

Valli anamwetulira m'kati mwa nsalu. Magudumu ankalira kwii, kwii, ngati zingwe za chombo. Anaona nyanja italowa m'sitolo mwake, mipukutu ya nsalu ikuyandama n'kumadzitambasula yokha, yofiira, yachikasu, yamadontho, yonse ikulowera ku Limbe. Iye anali atakwera pa makina osokera, akupalasa ndi phazi. Atawoloka Mudi anali atapita kale ndi tulo.

Zimene zinkachitika kunja anadzazimva pambuyo, kwa anthu ambiri, aliyense atathira mchere wake.

Woyamba kuona galetayo anali Tatu, mayi wa m'tsinde mwa Ndirande, amene ankapita ku Limbe ndi dengu la nthochi kukagulitsa kwa otsika sitima. Anangoona chinthu choyera chikutuluka mu nkhungu, maluwa ali lende, amuna atatu atazyolika osatulutsa mawu, ndi mapazi awiri osagwedera. Anatula dengu. Anafunsa Bennet monong'ona kuti m'menemo muli ndani.

"A Vali. Telala."

"Uja wa kuseri kwa msika? Mukupita nawo kuti?"

"Kwa alamu awo."

Bennet sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo mpaka ukalamba wake ankaumirira pamenepo. Tatu anagwira kumutu. Telala ameneyu anasokerapo mwana wake malaya n'kuikapo kathumba komwe sanapemphe, ndipo munthu wotere sangadutse pamsewu ngati galu. Anasenzanso dengu lake n'kulowa kumbuyo kwa galeta, akulira chapansipansi, kulira kwaulemu koyenera mlendo wofera kwa eni.

Paja maliro sawapitirira, ndipo sawasiya ayende okha. Amayi awiri otola nkhuni anatsatira Tatu. Amuna okonza msewu anaika makasu pansi n'kuperekeza. Mphunzitsi wina wa mishoni, amene ankapita kukaona odwala, anaona kuti gululo likusowa mtsogoleri, ndipo anayambitsa nyimbo ya Mulungu mwa kayaziyazi, ngakhale ankadziwa kuti womwalirayo ngwa chipembedzo china. Anati kumwamba akasankha okha. Ngolo ya ng'ombe yonyamula fodya inafika kumbuyo n'kuchepetsa liwiro. Mzungu wina wa pa njinga anatsika, n'kuvula chisoti chake, n'kuima m'mphepete mpaka onse atadutsa.

Tsono munthu sungathamange patsogolo pa anthu olira. Bennet anayamba kuponda pang'onopang'ono, phazi ili, kenako ili. Mmodzi wa okankha aja, Makwinja, anamunong'oneza kuti mwina awauze anthuwa zoona, nkhani isanakule. Bennet anayankha kuti iye anapatsidwa mawu awiri atatu, ndipo zoona za nkhani imeneyi sizingakwane m'mawu atatu.

Panadutsanso mesenjala wa kampani ina, wa njinga, wopita ku Limbe. Ameneyo anafunsa, anamva, n'kukankha njinga yake mwaulemu mpaka pokhota. Atangobisika anaikwera n'kupalasa ngati wathamangitsidwa ndi njuchi, poti uthenga wa maliro suyenda pansi.

M'katimo Valli ankamva kuimba, koma kunkam'fika ngati kuchokera pansi pa madzi. Anati ndi amayi aja a tsiku la ukwati. Anadabwa pang'ono kuti aphunzira liti Chinyanja, koma kumaloto munthu safunsa zambiri. Anamvanso kulira kwakutali, kuuu, n'kunena mumtima kuti chombo chafika padoko. Kumeneko kunali kulira kwa sitima ikulowa pa Limbe.

Anakumana ndi mlamu uja pa Chichiri, pamene mitengo ya bulugamu inkadontheza madzi a nkhungu pamsewu. Kuchokera kumtunda kunatsika galeta wina mwaliwiro, ndipo asanaime n'komwe, munthu wonenepa analumphamo n'kutera m'matope. Anali Dawood. Uthenga unam'peza pa siteshoni ataima ndi ambulera, akuyang'ana wotchi yake ndi nkhope ya munthu amene mlandu ukumuyendera bwino. Atamva, anataya ambulera. Sanaganizenso za sitima. Anangoti mtembo wa Msilamu sungayende m'manja mwa anthu osadziwa mwambo wake, mlamu wake ali moyo.

Anthu anam'patsa njira. Dawood anafika pa galeta woyera uja, n'kuona mapazi, n'kugwada. Anagwira chala chachikulu. Chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje, poti chiperoni chinali chitachinyambita kuchokera ku Kabula. Pamenepo anayamba kulira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo ngakhale anthu sankamva mawu, ankavomereza ndi mitu, poti misozi ilibe mtundu.

Valli anamva liwu la mlamu wake likulowa m'maloto. Linkati Valli anali munthu woongoka ngati msoko wake. Linkati m'dziko lonse lino munalibe telala wodziwa kudula kolala ngati iyeyu. Linkati malata aja anali kale kuseri kwa sitolo, ongodikira kuti mwini wake adzapemphe ndi pakamwa pake, nanga munthu n'kufa osapempha? Valli anati maloto awa ndi okoma kuposa onse amene analotapo m'dziko lino, ndipo anayesetsa kuti asadzuke.

Koma Dawood polira ankasisita chala chija, ndipo Valli anali munthu wosapirira kugirigishidwa kuphazi. Nthawi yomweyo sitima inaliranso ku Limbe, kawiri, kulira kotsanzika.

Zala zija zinapindika. Pini anathothoka. Pakati pa nsalu panatuluka mutu wa kachisoti koyera, maso ali psuu ndi tulo, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Tafika?"

Nyimbo ya mphunzitsi inaduka pakati pa liwu. Amuna a makasu anadutsa m'tchire osasankha njira. Nkhuni zinamwazika, ng'ombe za ngolo ya fodya zinabwerera m'mbuyo, ndipo nthochi za Tatu zinagubuduka msewu wonse. Tatu yekha sanathawe. Anangokhala pansi pomwepo. Dawood anatsala chogwada, chala cha mlamu wake chikadali m'manja. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana mwini wake, n'kuchitaya ngati wagwira chule.

Valli anaona bulugamu, anaona anthu akusuzumira kuseri kwa mitengo, anaona misozi pa ndevu za Dawood. Anatembenukira kwa Bennet. Bennet analoza pakamwa pake n'kutambasula manja.

Misozi ya Dawood inauma msanga kuposa mame. Anayamba kukalipa kuti Valli wam'chititsa manyazi pamaso pa dziko lonse, kuti ndi munthu wanji wolephera ngakhale kufa moyenera, kuti buluku lake latsopano laonongeka ndi matope. Valli anam'siya atulutse zonse. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Alamu, ngati inu muli pano, ine ndili pano, pa siteshoni pali ndani?"

Onse awiri anatembenukira kumpoto. Kumunsi, kuseri kwa nkhungu, kunkamveka kupuma kwa sitima, fu, fu, fu, ikutsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku Kabula. Sinkaoneka. Utsi wake wokha ndi umene unkadetsa nkhungu, ngati ulusi wakuda pa nsalu yoyera.

Dawood anati palibe chovuta. Mlongo wake anauzidwa kuti atsikire pa Limbe, ndipo ndi mwana womvera. Pakali pano wakhala pa bokosi lake pa siteshoni, akulira, ndipo iye akupita kukam'tenga. "Ndikam'peza kumeneko, mawu anga aja ali pomwepo," anatero akukwera galeta wake.

Valli anaima pamsewu, wopanda nsapato. Ku Limbe kunali pafupi, ndipo nzeru zonse zinkaloza kumeneko. Akapita ku Kabula n'kukapeza kulibe, ndiye kuti wapereka mkazi wake kwa Dawood ndi manja awiri. Anamvetsera sitima ija. Anaganiza za kamtsikana kokhala m'ngolo ya ng'ombe, apongozi akunyengerera, Dawood yemweyu akukalipa.

"Ine ndibwerera ku Kabula," anatero. "Ndipo ndikam'peza kumeneko, alamu, malata aja munanena ali kuseri kwa sitolo, nawonso akhale pomwepo."

"Ndinkalankhula ndi wakufa."

"Wakufayo anamva."

Dawood anakalipira anyamata ake kuti atembenuke, n'kuzimirira mu nkhungu.

Koma kuchoka pa Chichiri sikunali kophweka. Anthu aja anali atabwerera, mantha atasanduka mkwiyo, ndipo Tatu anali ataimirira kutsogolo kwa galeta, manja m'chiuno. Anati iye wataya nthochi, wataya sitima, koma zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti walira. Misozi imene amasungira abale ake waithira pa munthu wongogona tulo. "Tsono mawa mukadzafa zenizeni, bambo, tidzatenga kuti ina?"

Valli anatembenukira ku galeta. Anayang'ana nsalu zake, zimene anazisoka ndi msoko wawung'ono kwambiri kuti ngakhale mphepo isaone nkhope ya Afisa. Anazula mapini. Analuma m'mphepete mwa nsalu ndi mano, n'kung'amba, tswee, molunjika monga amang'ambira atelala. Chidutswa choyamba, chachikulu, anapereka kwa Tatu ndi manja awiri. Ena onse analandira zawo, ngakhale mphunzitsi, amene anati alandira chifukwa cha nyimbo yosathera ija. Tatu anachiyeza pamutu, n'kunena kuti telala uyu ndi wabwino ali moyo kuposa atafa, apite.

Galeta anatsala mbulanda, mpando ndi magudumu basi. Valli anakoleka maluwa aja m'khosi, n'kukwera, n'kuuza Bennet kuti athamange.

Bennet anagwira mitengo yokokera, koma sanasunthe. Anati miyendo yake yazolowera mayendedwe a maliro, ndipo kuti ikumbuke liwiro pafunika mankhwala ake. "Ng'oma yosaomba ndi mtondo chabe, a Vali. Ndifunse?"

"Funsani."

Bennet anakweza mutu n'kuponya liwu lake mu nkhungu, lalitali, lopindika kumapeto: kodi mwini galeta alipo? Okankha aja anadikira. Valli anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati chifuwa cha mwana wa mbuzi.

"Ndilipo."

"Sindinamve. Kapena tanyamulanso uja wa m'mawa?"

"Ndilipo!"

Galeta anadumpha. Kuchokera pa Chichiri msewu umatsetsereka, ndipo amuna atatu aja anaupatsa miyendo yonse imene anaisunga m'mawa. Bennet ankapeka akuthamanga. Anaimba za telala amene anafa ndi chikondi n'kuukitsidwa ndi chala. Anaimba za mlamu amene analira malata n'kuwalandanso. Anaimba za denga lodontha ndi mphasa ya kuseri kwa makina, zonse zimene Valli ankaopa, ndipo pakutha pa mzere uliwonse funso linkabwera, Valli n'kuyankha. Anadabwa kuona kuti akayankha pa nthawi yake, mapazi asanu ndi limodzi aja ankagunda pansi pamodzi, galeta n'kupepuka ngati wakwezedwa ndi mphepo. Akachedwa pang'ono, galeta ankatsimphina. Zaka zonsezi ankaganiza kuti wokwera ndi katundu. Sanadziwe kuti nayenso ali ndi mbali yake yokoka.

Nkhungu inayamba kung'ambika. Ndirande anatulutsa phewa lake kudzanja lamanja, wakuda, wonyowa, kenako n'kubisalanso. Valli anali atauyenda msewu umenewu kambirimbiri maso ali pa zala zake, koma lero, ali pamwamba, unkaoneka ngati dziko lina limene wangofikamo: minda ya chinangwa, utsi wa m'midzi wogona pa udzu, madenga ofiira a ku Kabula akuyandama kutsogolo ngati zombo padoko. Anthu amene anamva m'mawa kuti telala wamwalira anamuona akuuluka, mkanjo ukupepheruka, maluwa ali m'khosi, akulengeza yekha kuti alipo. Ena anathawa. Ena anavomera nawo nyimboyo.

Pa siteshoni ya Blantyre anapeza anthu atatha. Sitima inali itaima, ikutulutsa nthunzi ngati ng'ombe yotopa. Panalibe mkazi pa bokosi, panalibe nsalu yobiriwira. Valli anatsika n'kuyenda m'mbali mwa mabogi opanda anthu, akusuzumira pa zenera lililonse. Mtima unayamba kumuuza kuti Dawood ankanena zoona.

Kumapeto kwenikweni anamva mkangano. Wantchito wa pa siteshoni, tsache lili m'manja, ankalankhula ndi munthu wina m'bogi lomaliza, m'Chinyanja, kenako m'Chingerezi chothyoka, kenako ndi manja. Ataona Valli anadandaula kuti muli mayi wachimwenye amene sakumva chilichonse. Pa Limbe anamuuza kuti tikiti yake yathera pomwepo, iye anangosuzumira pa zenera, uku ndi uku, n'kukhalanso pansi. Pano amuuza kuti njanji yatha, kutsogolo kulibenso dziko, koma wagwira mpando ngati anabadwira pomwepo.

Valli anaima pakhomo la bogi. Pakona panakhala mayi wofunda nsalu yobiriwira yofwifwa ndi dzuwa la panyanja, phazi limodzi lili pa bokosi lachitsulo. Sanalinso woonda ngati singano. Nkhope yake inali ya munthu amene wadikira nthawi yaitali n'kuphunzira kusaonetsa. Valli anaiyang'ana, ndipo nkhope ija inkasungunuka m'maganizo mwake inabwerera n'kukhazikika pa iyi, ngati chovala chopeza mwini wake.

"Afisa."

Mayiyo anam'yang'ana kuyambira ku kachisoti kopendekeka, kudutsa pa imvi ndi maluwa ofota, mpaka ku mapazi amatope. Nsapato zija zinali zitatsala penapake pa Chichiri.

"Mwachedwa," anatero m'chiyankhulo cha kwawo.

"Ndinamwalira pang'ono panjira."

Afisa anaganizira mawuwo, n'kuona kuti afunika nthawi yawoyawo. Anaimirira, n'kukonza nsalu yake, n'kutsitsa phazi.

Kunja, Valli anayamba kupepesa za galeta. Anafotokoza kuti anasoka nsalu zabwino zom'tchinga, zoyera, za msoko wawung'ono, koma zinapita kukapukuta misozi ya anthu. Afisa anati kuchokera pamene anachoka kwawo wayang'anidwa ndi amalinyero, ndi ng'ona za mumtsinje, ndi mbuzi imene anakhala nayo m'sitima; maso a tauni imodzi sangam'the. Anakwera, bokosi n'kuliika kumapazi. Malo a munthu wachiwiri panalibe. Valli anaima pambali, dzanja lili pa mpando.

Bennet anatola mitengo yokokera n'kuyang'ana Valli, nsidze zili m'mwamba. Valli anagwedeza mutu kuvomera.

Ulendo uno Bennet anafunsa motsitsa, ngati munthu wogogoda pakhomo la eni: kodi mwini galeta alipo? Valli anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Bennet anam'letsa ndi chibwano.

"Inu muli pansi, a Vali. Oyenda pansi savomera."

Afisa anafunsa kuti munthuyu akuti chiyani, nanga bwanji sakunyamuka. Valli anawerama n'kumufotokozera kuti kuno galeta sayenda mpaka wokwerayo atanena yekha kuti alipo. Anam'tchulira liwulo kawiri, pang'onopang'ono. Afisa anayang'ana msewu wofiira wolowera m'tauni yosadziwika, ndi phiri lakuda lija likutuluka mu nkhungu, ndi misana itatu yonyowa ikudikira iye. Anakokera nsalu yake kukamwa.

Bennet anafunsanso.

Kuseri kwa nsalu yobiriwira kunatuluka kamawu kakang'ono, kopotoka, kongobadwa kumene m'dziko lino.

"Ndilipo."

Magudumu anatembenuka. Valli anayenda pambali, wopanda nsapato, akuponda pamodzi ndi anzake.